Funsani Akonzi: Nkhani yanga yabwerera itadzaza zofiira

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa anthu amene amalemba nkhani m'makalata ofalitsa nkhani ndi m'timabuku ta magulu awo, monga makalabu ndi mabungwe a anthu ongodzipereka. Dandaulo n'limodzi: nkhani isanatuluke imadutsa m'manja mwa ena, ndipo imabwerera itasinthidwa. Makalatawa tawafupikitsa, ndipo maina sitinaike.

Akonzi,
Ndinalemba nkhani ya mawu 1,200 yofotokoza momwe gulu lathu layendetsera ndalama zosonkha. Komiti yoona zofalitsa yandibwezera nkhaniyo ili ndi ndemanga zoposa 30. Ndime yoyamba aifufuta yonse, ndipo akuti ndiidule ifike mawu 800. Mtima ukundiuza kuti ndingoiika pa tsamba langa la Facebook, iwo atsale ndi kalata yawoyo. Kodi ndiyenera kuvomera zonsezi?
Mayi wokhumudwa

Mayi, zonse ayi, koma zambiri inde. Ndipo musayankhe lero. Werengani ndemangazo kamodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi osakhudza kanthu, tsekani, mudzatsegule mawa. Ndemanga 30 pa nkhani yotalika chonchi si zachilendo. Mukaziwerenga mtima utakhala pansi mupeza kuti zambiri ndi za mpatuliro ndi zilembo zosowa, zoti muthana nazo m'mphindi zochepa.

Zotsalazo muzigawe patatu, chifukwa sizilemera mofanana.

Pali zokhudza choonadi: dzina lolembedwa molakwika, chiwerengero chosagwirizana ndi mabuku, deti, kapena chiganizo choneneza munthu. Izi sizifuna maganizo anu kapena a mkonzi, zimafuna umboni. Ngati mukuona kuti wolondola ndinu, kutsutsa galu n'kukumba: jambulani tsamba la buku la ndalama kapena maminitsi a msonkhano, mutumize. Ngati umboni mulibe, chiganizocho chichoke, kaya chikoma bwanji.

Pali zokhudza malamulo a kalatayo: kutalika kwa nkhani, kalembedwe ka maudindo, manambala ndi maina a mabungwe. Izi vomerani osalimbana nazo. Pa pepala la A4 pamalowa mawu pafupifupi 500 a zilembo za saizi 12 ngati palibe chithunzi, choncho mawu 400 owonjezerawo akutanthauza kuti nkhani ya mnzanu itsala.

Kenako pali za kakomedwe chabe, pamene mkonzi wachotsa mawu anu n'kuika ake a tanthauzo lomwelo. Apa m'pamene muli ndi mphamvu yokana, poti dzina lili pamwamba pa nkhaniyo ndi lanu. Koma sankhani ziwiri kapena zitatu zimene zikukuwawanidi. Wolemba wokana chilichonse amatopetsa, ndipo akadzakana chinthu chachikulu amapeza palibenso womumvera.

Dziwaninso ichi: mkonzi akaloza malo, kawirikawiri vuto limakhalapodi, ngakhale njira imene wapereka yolithetsera ikhale yolakwika. Tiyerekeze kuti munalemba kuti, "Ndalama zinasowa chaka chatha ndipo msungichuma anatula pansi udindo." Mkonzi wafufuta chiganizo chonsecho. Inu mukuti zonse ziwiri n'zoona. N'zoonadi, koma mwazigundaniza mwakuti wowerenga aliyense amva kuti msungichumayo anaba, ndipo zimenezo simunazitsimikize. M'maiko ambiri, mlandu woipitsa mbiri ya munthu suyang'ana mawu okha, umayang'ananso zimene wowerenga wamba angatolepo. Koma kufufuta si njira yokhayo. Mukhoza kulemba kuti, "Ofufuza mabuku anapeza kuti ndalama zina zolowa sizinalembedwe. Lipoti lawo silinatchule wolakwa." Za kutula udindozo zipite m'ndime ina, pamodzi ndi chifukwa chimene mwiniwake wapereka. Mfundo yanu yatsala, nkhawa ya mkonzi yatha.

Za kudulazo, mawu 400 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhani yanu, ndipo simungawapeze pochotsa liwu limodzi m'chiganizo chilichonse. Lembani m'mbali mwa ndime iliyonse ntchito imene ikugwira, m'mawu osaposa 5. Ndime ziwiri zikapezeka zikugwira ntchito imodzi, yofookayo ichoke. Pa zitsanzo zitatu siyani chimodzi champhamvu. Ndime yoyambayo sitikudabwa kuti aichotsa: olemba ambiri amayamba ndi moni ndi mbiri yakale, nkhani yeniyeni n'kudzayambira m'ndime yachiwiri kapena yachitatu. Mukatha kuchotsa zikuluzikulu m'pamene muchepetse ziganizo, "ndi cholinga choti" asanduke "kuti", "pa nthawi imene" asanduke "pamene".

Yankho lanu ku komiti likhale uthenga umodzi wa manambala: "Ndemanga 1 mpaka 20 ndavomera. Ya 21 ndakonza mwanjira ina, taonani. Ya 27 ndikupempha chiganizo chikhale momwe chinalili chifukwa chakuti ndi chakuti." Mkonzi wolandira zotere amadziwa kuti mwawerenga zonse, ndipo savuta kugonja pa zochepa zomwe mwakanazo.

Za Facebook, ufulu muli nawo. Kungoti mlandu ukabuka udzakhala wanu nokha, chizindikiro cha gulu simungaikepo, ndipo magulu ambiri sasindikiza nkhani imene yatuluka kale kwina.

Akonzi,
Nkhani yanga yawerengedwa ndi anthu atatu. Apampando akuti ndiwonjezere mbiri ya gulu, alembi akuti yatalika kale, wachitatu wanditumizira mauthenga a mawu pa WhatsApp oti ndisinthe apa ndi apo. Pano ndili ndi mafayilo angapo ndipo sindikudziwa yolondola ndi iti.
Mnyamata wosokonezeka

Achimwene, vutoli si la nkhani yanu, ndi la dongosolo la gulu, ndipo si ntchito yanu kuweruza pakati pa apampando ndi alembi. Alembereni onse atatu uthenga umodzi wakuti, "Ndemanga ziwirizi zikutsutsana. Chonde gwirizanani, mmodzi andiuze chochita." Gulu lofalitsa nkhani liyenera kukhala ndi munthu mmodzi wosonkhanitsa ndemanga za onse, wothetsa zotsutsana, n'kutumiza kwa wolemba mndandanda umodzi. Popanda munthu ameneyu wolemba amayesa kusangalatsa aliyense, nkhani n'kutuluka yosanena kanthu.

Kukonza nkhani kuli ndi magawo ake otsatizana. Kumayamba ndi kapangidwe: nkhaniyi ikunena chiyani, ndime ziti zitsogole, chikusowa n'chiyani. Kenako ziganizo. Zilembo ndi zizindikiro zimabwera kumapeto. Mukasokoneza dongosololi wina amatha ola lathunthu akukonza mipatuliro m'ndime imene mawa ichotsedwa. Nkhani ya gulu ikapita n'kubwerera kawiri n'zokwanira, kenako kuwerenga komaliza. Masiku muwerengere chobwerera kuchokera pa tsiku losindikiza, mwachitsanzo masiku 10 lisanafike nkhani yaperekedwa, akonzi atenga masiku 3, wolemba masiku 3, otsalawo ndi oyala tsamba ndi kuwerenga komaliza.

Fayilo ikhale imodzi. Mu Google Docs, apatseni akonzi chilolezo cha Commenter osati cha Editor, kuti chilichonse chomwe asintha chioneke ngati ganizo loti inu muvomere kapena mukane. Mu Microsoft Word, yatsani Track Changes, imene imaonetsa chilichonse chosinthidwa, pansi pa Review musanatumize. Batani la Accept All, lovomera zosintha zonse nthawi imodzi, musalikhudze. Pakati pa zosintha zing'onozing'ono pamabisala chimodzi chachikulu, monga liwu lakuti "ena" litachotsedwa pa "mamembala ena anakana", chiganizo n'kuyamba kunena kuti onse anakana. Vomerani chimodzichimodzi. Ngati wina anakonza osayatsa Track Changes, gwiritsani ntchito Compare pansi pa Review pomwepo, ikuonetsani kusiyana kwa mafayilo awiriwo. Google Docs imasunga yokha zakale zonse mu Version history.

Potchula mafayilo, lekani maina ngati "yomaliza" ndi "yomalizadi". Yambani ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenako mutu ndi nambala, monga 2025-03-14-ndalama-2, kuti aziyalana okha motsatizana.

Mauthenga a mawuwo amvereni, lembani zimene mwamva m'mizere yaifupi, mubweze kwa mwiniwake ndi funso lakuti, "Ndi izi munatanthauza?" Ngati gulu lanu limagwira ntchito pafoni pokha, ikani nambala pa ndime iliyonse kuti ndemanga zizinena kuti "ndime 4, chiganizo chachiwiri" m'malo mwa "penapake chapakatipa".

Akonzi,
Ndinacheza ndi bambo wina amene anali nawo poyambitsa gulu lathu. Mkonzi wasintha mawu awo, akuti awakometse chifukwa anayankhula mobwerezabwereza. Kodi n'zololedwa?
Mtolankhani wongoyamba

Apa musagonje. Mawu ali m'mitengero ndi lonjezo kwa wowerenga kuti munthuyo ananenadi zimenezo. Chololedwa n'chochepa: kuchotsa "eee" ndi chibwibwi, kapena kudumpha gawo losafunika n'kuikapo madontho atatu, bola tanthauzo lisasunthe. Kulumikiza mayankho a mafunso awiri osiyana kuti aoneke ngati chiganizo chimodzi n'kosaloledwa.

Taonani mmene kukometsa kumaonongera. Bambowo anati, "Ndikuganiza kuti mwina tinalipo anthu 12." Mkonzi walemba kuti, "Tinalipo anthu 12." Chafupika, chamveka bwino, koma mwawachotsera kukayika kwawo. Akatulukira wina ndi mndandanda wa maina 15, wooneka wabodza ndi bambowo, pomwe iwo sananene motsimikiza. Njira yake ndi yapafupi: chotsani mitengero mufotokoze ndi mawu anu, kuti bambowo akukumbukira kuti analipo anthu pafupifupi 12. M'mitengero musiyemo chiganizo chimodzi kapena ziwiri zimene zamveka bwino momwe anazinenera.

Mawu amene munajambula musafufute nkhani itangotuluka, ndipo potsutsana ndi mkonzi muuzeni mphindi yeniyeni pamene mawuwo ali kuti amve yekha. N'kwabwino kuwawerengera bambowo mawu awo ndi mfundo zokhudza iwo musanasindikize. Nkhani yonse musawapatse, angayambe kukonza ndi za anthu ena zomwe.

Akonzi,
Mutu ndinaika unali wakuti "Zimene taphunzira pa ntchito yobzala mitengo". Mkonzi waika wakuti "Ntchito ya mitengo yalephera". Nkhani yanga ikungoti theka la mitengo linauma.
Membala

Mutu amalemba ndi mkonzi, chifukwa ndi amene akudziwa malo amene alipo ndi mitu ina ya patsambalo. Koma mutu sunganene zimene nkhani sikunena, choncho "yalephera" mukane. Tikuuzeninso mosapita m'mbali kuti wanuwo unali wofooka, sukuuza wowerenga kalikonse. Musalimbikire kuti ubwerere. Tumizani mitu itatu ya mawu osaposa 8, uliwonse wonena chimene chachitika, monga "Theka la mitengo lauma, gulu lisintha nthawi yobzala".

Akonzi,
Komiti ikuti ndichotse ndime yodzudzula atsogoleri athu chifukwa chosaitanitsa msonkhano waukulu wapachaka. Mmodzi wa odzudzulidwawo ali m'komiti yomweyo. Uku n'kukonza nkhani kapena kunditseka pakamwa?
Bambo wodandaula

Bambo, afunseni funso limodzi, ndipo mulifunse molemba: ndimeyi ndi yabodza, ilibe umboni, kapena yangowawa? Akati ndi yabodza, akuonetseni polakwika. Akati ilibe umboni, bweretsani. Akasowa choyankha, kapena akayamba za "kusunga mtendere" osatchula cholakwika chilichonse, dziwani kuti kumeneko sikulinso kukonza nkhani.

Musanafike pamenepo yang'anani kaye ndimeyo ndi diso la munthu amene simugwirizana naye. Lekanitsani zochitika ndi maganizo. Kunena kuti malamulo a gulu amafuna msonkhano chaka chilichonse ndipo womaliza unachitika pa deti lakutilakuti, ndi mfundo yoti aliyense akhoza kuitsimikiza. Kunena kuti atsogoleri akuthawa msonkhano chifukwa akubisa zinazake, ndi kulowa m'mitima ya anthu, ndipo mkonzi wabwino aliyense angachotse. Nthawi zambiri chidzudzulo chimalimba mukachotsa mawu aukali n'kusiya madeti.

Chachiwiri, odzudzulidwawo apatseni mwayi woyankha. Alembereni mafunso enieni, monga "Msonkhano womaliza unachitika liti?" ndi "Wotsatira udzachitika liti?", muwapatse masiku awiri kapena atatu. Yankho lawo lilowe m'nkhani mwachilungamo, osati kulikankhira ku mzere womaliza. Akapanda kuyankha, lembani kuti anafunsidwa pa tsiku lakuti ndipo sanayankhe. Uthenga munatumizawo sungani.

Munthu wotchulidwa m'nkhani sayenera kukhala nawo poweruza nkhaniyo. Pemphani mwaulemu kuti apatuke, ena otsalawo agamule. Magulu ochita bwino amalemba lamuloli nkhani yovuta isanabwere, chifukwa kulikhazikitsa mkangano uli mkati kumaoneka ngati kulimbana ndi munthu.

Zonsezi zikalephera, kalatayo ndi ya gulu ndipo lili ndi ufulu wokana kusindikiza. Inunso muli ndi ufulu wotenga nkhani yanu. Chimene musalole n'chakuti ituluke ndi dzina lanu mfundo yaikulu itachotsedwa, owerenga n'kumaganiza kuti maganizo anu ndi amenewo.

Akonzi,
Mkonzi walembanso nkhani yanga mwakuti sindikuizindikira. Akuti ndikangopereka, nkhani imakhala ya gulu. N'zoona?
Wolemba

Si zoona, pokhapokha ngati munasaina pangano lonena choncho kapena munailemba monga gawo la ntchito imene munalembedwa. Pangano la Berne la mu 1886, loteteza umwini wa zolembedwa, limene maiko oposa 180 analowamo, limati umwini wa cholembedwa umayamba popanda kukalembetsa kulikonse. Kupereka nkhani ku kalata ya gulu ndi kupereka chilolezo chosindikiza, si kupereka umwini. Ndime 6bis ya panganolo imawonjezera kuti wolemba ali ndi ufulu wotchulidwa dzina, ndi wokana kusintha kopotoza kumene kungaononge ulemu kapena mbiri yake, ngakhale atagulitsa kale ufulu wopeza nayo ndalama. Dziko lililonse limene linalowa m'panganolo lili ndi lamulo lake lotsatira zimenezi ndipo mphamvu yake imasiyana, koma kukonza wamba, monga kudula ndi kuwongola ziganizo, sikuwerengedwa ngati kupotoza.

M'gulu la anthu odziwana simufuna kufika kukhoti. Muuzeni mkonzi kuti akulozereni mavuto, kulembanso mulembe nokha. Mkonzi wolembanso nkhani yonse nthawi zambiri amakhala atapanikizika ndi nthawi, choncho lonjezani tsiku lobwezera ndipo mulisunge. Akakana, sankhani pakati pa kutenga nkhani yanu ndi kuilola ituluke popanda dzina lanu.

Mtsogolo muno gwirizanani zinthu izi molemba, ngakhale pa imelo ya mizere isanu: itulukira kuti, kwa nthawi yotalika bwanji, mukhoza kuiikanso kwina liti, ndani ali ndi mawu omaliza, ndi kuti mudzaiona isanatuluke. Ngati gulu limagwiritsa ntchito zilolezo za Creative Commons, zolembedweratu zonena zimene anthu ena angachite ndi nkhani yanu, werengani zilembo zake. CC BY imalola aliyense kusintha nkhani yanu n'kuigawa bola akutchuleni, CC BY-ND siilola kugawa yosinthidwa, ndipo zilolezo zimenezi mukapereka sizibwezedwa.

Akonzi,
Ndemanga zonse ndinavomera, ndipo anditumizira PDF kuti ndione komaliza. Ndiyang'ane chiyani? Nanga cholakwika chikadzapezeka itatuluka kale?
Mtsikana wa m'kalabu ya owerenga

Achemwali, ino si nthawi yolembanso. Tsamba layalidwa kale, ndipo kuwonjezera chiganizo chimodzi kumakankha mizere yonse, mwina womaliza n'kugwera kunja osaonekanso. Konzani zolakwika zokha. Maina a anthu awerengeni chilembo ndi chilembo mukufananiza ndi pomwe munawalemba poyamba. Manambala onse afananizeni ndi gwero lake, ndipo ngati pali mndandanda wa ndalama muuwonkhetsenso. Nambala ya foni iimbeni. Deti lililonse lionedwe pa kalendala ngati likugwirizana ndi tsiku la sabata limene mwatchula. Zolakwika zimakonda kubisala m'mutu ndi m'mawu a pansi pa zithunzi, chifukwa amalembedwa mochedwa ndipo diso limawadumpha. Onetsetsani kuti anthu ali pachithunzi anavomera, ndipo ngati pali ana, makolo awo ndi amene anavomera. Werengani mokweza kamodzi, kenako muwerengenso kuyambira chiganizo chomaliza kubwerera m'mwamba, kuti maso aone zimene zalembedwa osati zimene mukuzikumbukira.

Ngati gulu ligawa fayilo ya Word m'malo mwa PDF, ndemanga zonse zichotsedwe kaye. Pitani pa File, Info, kenako Inspect Document. Kungobisa ndemanga sikuzifufuta, ndipo wolandira akhoza kuwerenga zonse zimene akonzi ankanena za anthu otchulidwa m'nkhaniyo.

Cholakwika chikapezeka itatuluka, uzani mkonzi tsiku lomwelo, musakonze mwakachetechete. Uthenga wa pa WhatsApp umasinthika m'mphindi 15 zokha zoyamba, ndipo zimene anthu atumiza kale kwa ena sizisintha. Pa Facebook anthu amatha kuona zimene zinalipo musanasinthe. Choncho ikani mzere wokonza pamalo pomwe nkhani inatulukira, wokhala ndi deti, wonena cholondola mosazungulira: "Kukonza, 20 Malichi: msonkhano unachitika pa 8 Febuluwale, osati pa 18 monga tinalembera." Ngati kalatayo ndi ya papepala, mzerewo ulowe m'kope lotsatira, ndipo ngati cholakwikacho chinakhudza munthu, mkonzi amuimbire asanadikire kopelo.